Sofa Yofiira ya Bambo a Kunyumba

Kwa zaka zambiri za banja lathu, pabalaza pathu panali benchi imodzi, mipando iwiri ya nsungwi ndi mkeka. Ine sindinkaonapo vuto. Mlendo wamwamuna ankakhala pampando, wamkazi ndinkakhala naye pamkeka, nkhani n'kumayenda bwinobwino. Amene ankaona vuto anali bambo a kunyumba kwanga.

Amuna angawa amakonza njinga m'mphepete mwa msewu kufupi ndi pa Songani, komanso timalima mpunga kudambo. Ndi munthu wofatsa, samwa mowa, sakalipa. Matenda awo ndi amodzi okha: akangomva kuti chinthu chikugulitsidwa motchipa, mutu umasiya kugwira ntchito. Anabwerapo ndi wotchi yapakhoma ya muvi umodzi. Anabwerapo ndi nsapato ziwiri zokongola kwambiri, zonse za phazi lamanzere.

Chaka chimenecho mpunga unachita bwino. Titangogulitsa matumba oyamba, tsiku lina masana ndikupeta panja, ndinaona anthu atatu a kabaza akutsika kanjira kochokera kumsewu, akukankha njinga zawo pang'onopang'ono. Awiri anali atanyamula mipando ya sofa, aliyense umodzi. Wachitatu anali atamangirira sofa yaitali chopingasa pakaliyala, moti inkathyola nandolo wa anthu mbali zonse ziwiri za njira. Kumbuyo kwawo kunkabwera bambo, chipewa chili chapambali, akuloza uku ndi uku ngati wapolisi wa pamsewu.

"Mayi a ana, tsegulani zitseko zonse!" anatero, chonsecho chitseko cholowera pabalaza chinali chimodzi.

Sofayo inali yofiira, ya nsalu yofewa, yoti ukaisisita ndi dzanja imasintha maonekedwe. Anati anaigula kwa bambo wina wa m'tauni ya Zomba amene ankasamukira ku Blantyre.

"Munthu wabwino mtima ameneyo," anandiuza akupukuta thukuta. "Sanavute n'komwe. Mtengo umene ndinatchula ine, iye anangoti tengani. Kumangirira panjinga anathandiza yekha, n'kundiwonjezera kapilo aka kaulere."

Pamenepo m'pamene ndinayenera kufunsa mafunso. Koma ndisaname, nanenso inali itandilowa mumtima. Sabata yomweyo ndinaluka tinsalu toyera n'kuyala poika mutu ndi poika mikono. Ana ndinawaletsa kukhalapo. Ine ndinkakhalapo Lamlungu lokha, nditasamba. Amene ankaidyerera anali bambo: akabwera kudzadya masana, ankagona pa yaitaliyo, wailesi ili pamimba, mpaka dzuwa litapendeka.

Choncho woyamba kukanda anali iwowo. Anayamba ndi m'khosi, kenako m'mikono, kenako kumsana kumene dzanja silifika, moti ankadzikhula pafelemu ya chitseko ngati mbuzi pamtengo. Nditawafunsa anati ndi udzudzu.

"Udzudzu kuzizira konseku, mphepo ikutsika m'phiri chonchi?"

"Ndiye kuti ndi sopo mwagulayu."

Ndinasintha sopo. Anati ndi nsomba zouma za pamsika. Tinasiya nsomba. Anati mwina magazi akusintha chifukwa cha ukalamba.

Tsiku lina m'mawa ndikuchotsa tinsalu tija kuti ndikachape, ndinaona timadontho takuda m'mphepete mwa msoko, ngati wina wagwedezerapo bolopeni yothina inki. Ndinatambasula msokowo ndi zala. Zinali zitandandalika mmenemo, zazikulu ngati njere za mapira, zina zing'onozing'ono zoyererako, zonse zili phee. Ndinaphwanya imodzi ndi chikhadabo. Inatuluka magazi, ndi fungo limene ndinalidziwa nthawi yomweyo, chifukwa ndili mtsikana ndinagonapo miyezi itatu kwa azakhali ena amene nyumba yawo inali likulu la zimenezi. Nsikidzi.

Ndinakhala pansi pasimenti. Kwathu kuno makoswe ungawanene pagulu, anthu n'kukuuza za msampha. Anankafumbwe ungawadandaule pachitsime, aliyense ali nawo. Koma nsikidzi ayi. Ukangotchula, anthu amayang'ana iwe mayi wa pakhomo, n'kumati ndiwe wauve, susesa, suyanika zofunda. Ine amene ndinkakolopa kawiri patsiku!

Madzulo ndinawauza bambo motsitsa mawu, ana atapita kukasewera.

"Nsikidzi?" anatero. "Mu sofa ngati iyi? Mayi, nsikidzi zimakhala m'mphasa. Sofa iyi yachokera m'nyumba ya magetsi."

"Ndaziona ndi maso angawa."

"Ndiye kuti anabwera nazo alongo anu aja anagona pano mwezi watha."

Alongo angawo anagona usiku umodzi, pamkeka, sofa isanabwere n'komwe. Tinagwirizana chinthu chimodzi chokha: nkhani imeneyi isatuluke pakhomo.

M'mawa mwake bambo anabwera ndi timapepala tisanu ta ufa woyera. Anagula kwa munthu wina woyendayenda ndi chimkuzamawu tsiku la msika, wa mankhwala a makoswe, mphemvu, nsikidzi, utitiri ndi chilichonse choyenda ndi miyendo yoposa iwiri. Wogulitsayo anawauza kuti nsikidzi ikangonunkhiza imafa, ndipo anzake akabwera kudzaiona amafanso. Tinawaza sofa yonse mpaka inasanduka yotuwa. Tinayetsemula masiku atatu. Nsikidzi sizinafe. Mmene ine ndinkaonera, zinanenepa. Ndipo poti pabalaza panali patachita fumbi, zina zinasamukira kuchipinda. Zinalowa m'ming'alu ya bedi, m'misoko ya matiresi, mpaka m'makona a neti, yomwe ija timati imatiteteza. Tinayamba kukanda tonse, ndi ana omwe. Kusukulu ndinawalangiza kuti akafunsidwa azinena kuti ndi chitedze.

M'kati mwa zimenezi inafika nthawi yanga yolandira amayi a kumpingo. Timakumana Lachinayi masana, nyumba mosinthanasinthana. Ndinakonza zoti ndiyale mikeka pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi nyumba. Koma tsikulo kunacha ndi kamvula kowaza, kozizira, nkhungu itaphimba phiri lonse. Bambo nawonso, m'malo mopita kuntchito, anatsala kuti aone anthu akuyamikira katundu wawo. Anaima pakhomo n'kumalandira aliyense.

"Lowani, amayi, lowani. Musakhale pansi ayi, mipando ilipo."

Amayi apampando a gulu lathu ndi munthu wathupi, wa mawu aakulu, amene bulauzi yawo yoyera sinaonekepo ndi kadontho. Anakhala pakati penipeni pa sofa yaitali, n'kumira. Anasisita nsalu ija n'kunena kuti Mulungu watikumbukira pakhomo pano. Amayi ena awiri anakhala m'mbali mwawo, awiri pamipando ing'onoing'ono, otsala pamkeka. Ine ndinakhala pansi pafupi ndi miyendo ya amayi apampando, mtima uli m'mwamba.

Nyimbo ziwiri zinadutsa bwino. Mawu anawerengedwa. Kenako anati tiweramitse mitu tipemphere. Onse anatsinzina. Ine ndinatsinzina diso limodzi.

Ndinaiona ikutuluka pansi pa kansalu koluka kaja, yaikulu, yokhuta, yosafulumira. Inakwera paphewa la amayi apampando n'kuyamba kuyenda pabulauzi yoyera ija kulowera kukhosi. Pansalu yoyera chonchija inkaoneka ngati ng'ombe pabwalo la mpira. Aliyense akanangotsegula maso, zanga zikanathera pomwepo. Ndinadzuka chogwada, n'kutambasula dzanja pang'onopang'ono, n'kuigwira ndi zala ziwiri paphewa pomwepo.

Amayi apampando anamva dzanja langa. Osatsegula maso, analigwira ndi manja awo onse awiri n'kulifinya kwambiri, nsikidzi ili m'kati. Mawu awo anakwera.

"Ambuye, onani mwana wanu uyu wabwera yekha kudzagwira chovala! Inu mukudziwa chimene chikumusowetsa tulo. Inu mukudziwa chimene chikumudya m'nyumba muno, chimene sangathe kuuza munthu!"

"Ameni!" anayankha amayi onse.

Ndinalira. Misozi yeniyeni, ya mantha ndi manyazi, komanso chifukwa chilichonse chimene ankanenacho chinali choona. Amayi atamva ndikulira anawonjezera moto, pemphero linatalika, ndipo nthawi yonseyo anthu asanu anali atakhazikika pa sofa. Pobalalika aliyense anandikumbatira. Amayi apampando anandinong'oneza kuti ngati ndi bambo akuvuta, ndisaope kuwauza.

Patapita masabata atatu ndinayamba kuona zinthu m'tchalitchi. Mayi wina ankalowetsa dzanja m'bulauzi ngati akukonza kolala. Wina ankakhula msana pabenchi nthawi ya ulaliki. Amayi apampando ankaimbitsa nyimbo dzanja limodzi lili m'mwamba, linalo likugwira ntchito m'chiuno. Palibe ananena kanthu. Tinkapatsana moni mwaulemu, tonse tili ndi totupa m'mikono.

Amene anathetsa chinsinsi anali mayi woyandikana nafe nyumba. Ndi Msilamu, wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo, amapikula mpunga m'midzi n'kukagulitsa ku Limbe. Timaitanana kuti achemwali. Ndi munthu wosadziwa kuzungulira. Tsiku lina kutayamba kale kutentha anabwera kudzabwereka lichero, ndipo ndinamulowetsa pabalaza. Anakhala pa sofa, n'kununkhiza kamodzi, n'kudzuka.

"Achemwali, muli ndi nsikidzi."

"Ayi, mwina ndi fungo la..."

"Ine ndimagona m'madepoti ndi m'nyumba za alendo zotchipa. Fungo ili ndimalidziwa kuposa la mafuta anga odzola. Zayamba liti?"

Ndinamuuza zonse, mpaka za pemphero lija. Anaseka mpaka anakhala pansi, mpango n'kumasuka. Atatha anapukuta misozi n'kundiuza kuti iyenso zinamugwerapo kawiri, ndipo si nkhani ya uve. Nsikidzi sizisankha nyumba yosesa kapena yosasesa, zimangofuna munthu wa magazi ndi mng'alu wobisalamo. Ufa uja atauona anaunyambita pang'ono n'kunena kuti ndi choko chosakaniza ndi kondoole.

Bambo atabwera madzulo anamupeza akuwadikira pakhonde.

"Alamu, sofa yanuyi ndi imene yabweretsa nsikidzi."

"Alamu, sofa imeneyi mwini wake anali munthu wa muofesi."

"Nanga a muofesi alibe magazi? Bweretsani lezala."

Anatembenuza mpando umodzi n'kung'amba chinsalu chakuda cha pansi pake. Sindidzaiwala. Thabwa lonse linali lakuda bii, ndipo kuwala kutalowa linayamba kuyenda. Bambo anayang'ana nthawi yaitali, manja ali kumbuyo.

"Izi zachita kuthawira muno," anatero potsiriza, koma mawu anali atachepa.

Achemwali analamula kuti Loweruka tidzatulutse chilichonse m'nyumba. Anatibwereka mgolo wake wachitsulo ndi mapepala akuda apulasitiki amene amayanikirapo mpunga. Tinayamba kutangocha. Mgolo unali pamoto, madzi akubwadamuka. Bedi tinalimasula, thabwa lililonse n'kulithira madzi owira m'ming'alu ndi m'mabowo a misomali. Zofunda, maneti, makatani ndi zovala zinalowa mumgolo. Matiresi tinawakulunga m'mapepala akuda aja n'kuwasiya padzuwa kuti apse. Makalendala ndi zithunzi zinatsika pakhoma, ndipo kumbuyo kwa chithunzi chathu cha ukwati tinapezako mudzi wathunthu. Zovala za bambo zinali m'sutikesi yawo yakale, ndiye anaitulutsa n'kuitsegula pabwalo, pambali pa sofa, nsapato zawo, wailesi ndi bokosi la zitsulo za njinga.

Apa m'pamene tinalakwitsa osadziwa. Nyumba yathu tinamanga pamudzi pa amayi anga, monga zimakhalira kuno. Bambo ndi mkamwini, kwawo ndi cha ku Malosa. Ndipo aliyense amadziwa tanthauzo lake ukaona sutikesi ya mkamwini ili pabwalo dzuwa likuswa mtengo, mwini wake ataima pambali manja ali m'chiuno, nkhope ili yakugwa.

Anthu opita kuchigayo ankachepetsa liwiro. Amayi ochokera kumjigo ankaima, ndowa zili pamutu, n'kumayang'ana. Wina anandifunsa chapatali kuti, "Kwagwanji kumeneko?" Ine ndinayankha kuti tikungokonza m'nyumba. Bambo anayankha wina kuti palibe chilichonse. Mayankho amenewa ndi amene anatsimikizira anthu kuti chilipo. Wina anakumbukira kuti ndinalira pamapemphero. Nkhani inakwera minibasi.

Cha m'ma thuu koloko tinaona njinga ikutsika kanjira kaja mwaliwiro. Anali amalume awo a bambo, amenenso ndi ankhoswe athu a kuchimuna, munthu wachikulire wowonda, atavala jekete yakuda kutentha konseko. Anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango, ndipo tisanatsegule pakamwa anapita molunjika n'kukhala pa sofa yaitali ija pakati pa bwalo. Anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Khalani pansi nonse awiri," anatero.

Tinakhala, ine pamwala, bambo pa bokosi la zitsulo. Achemwali anaima pamgolo ndi mthiko wovundulira zovala, akuluma milomo.

"Apongozi," anayamba amalume akuyang'ana ine, "mwana wathuyu tikumudziwa. Ali ndi zofooka zake. Koma zaka zonsezi mwakhala naye, ana mwabereka naye, kodi mpaka kumutulutsira katundu panja osatiuza ife ankhoswe? Walakwa chiyani chimene sitingakambirane?"

"Amalume, si choncho ayi," anatero bambo.

"Iwe khala chete, ndikuyankhula ndi eni mudzi. Apongozi, kodi ndi nkhani ya mkazi wina?"

"Ayi."

"Wakumenyani?"

"Ayi, sanandimenyepo."

"Nanga n'chiyani?"

Ndinayang'ana bambo. Tinali titapangana kuti mawu aja asatuluke, ndipo kuseri kwa mpanda kunali kutaima anthu osachepera khumi akunamizira kuyang'ana nkhuku. Ndinaona amuna anga akuyeza zinthu ziwirizo mumtima: anthu adziwe kuti anagula nsikidzi ndi ndalama za mpunga, kapena azinena kuti athamangitsidwa paukamwini. Ndikunena zoona, anatenga nthawi. Mpaka ndinayamba kukwiya kuti kodi n'zofunika kuganizira zimenezi?

Amalume anakanda kumbuyo kwa khosi. Kenako anakanda pantchafu.

"Ndi nsikidzi, amalume," anatero bambo chapansipansi.

"Wati chiyani? Kweza mawu."

"Nsikidzi! Zili mu sofa mwakhalapoyo!"

Sindinkadziwa kuti munthu wa zaka zimenezo angadumphe chonchija. Chipewa chinagwera uko, iwo uku. Anavula jekete n'kuyamba kuikuntha pamtengo wa mango, akulankhula Chilomwe chimene sindinawamvepo akulankhula chikwatiwire. Achemwali analephera kudzigwira, ndipo kuseri kwa mpanda nakonso kunaphulika. Jekete ija inalowa mumgolo pamodzi ndi zina zonse. Amalume anadikira kuti iume atakhala pakaliyala ya njinga yawo, atakana mpando uliwonse wa pakhomo pathu, ngakhale mwala. Tiyi anamwera pomwepo. Pochoka anauza amuna anga kuti akanakonda ikanakhala nkhani ya mkazi wina, chifukwa imeneyo amadziwa poyambira.

Lolemba m'mawa ndinaona amayi apampando akubwera okha. Ndinati basi, lero ndichotsedwa m'gulu. Ndinawayalira mkeka wochapa pansi pa mtengo. Anakhala, n'kuusa moyo.

"Mayi, ndamva za Loweruka. Ndiye kuti zinachokera kuno?"

"Pepani, amayi. Ndinachita manyazi kunena."

Anaphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Ndinkayesa akulira, koma ankaseka. Anandiuza kuti kwa miyezi iwiri ankakhulupirira kuti iwowo ndi amene anazitenga kumaliro ena kumene anakagona, n'kuzigawira gulu lonse. Ankawiritsa zofunda zawo mobisa kuseri kwa bafa, ndipo tsiku lililonse ankapempha chikhululukiro chifukwa chodwalitsa nkhosa zimene anapatsidwa kuti aziweta. Nditawafotokozera chimene chinali m'dzanja langa tsiku la pemphero lija, anayang'ana zikhatho zawo n'kuzipukuta pamkeka.

Lachinayi lotsatira anaimirira pamaso pa amayi onse n'kunena kuti aliyense amene akukanda akweze dzanja. Poyamba linakwera lawo lokha ndi langa. Kenako ena anayi, mmodzimmodzi, akuyang'ana pansi. Mayi wina amene sanakhale n'komwe pa sofa tsiku lija anakwezanso, n'kuulula kuti zake ndi zakalekale, wangopezerapo mwayi.

Tinaitana alangizi a zaumoyo a m'dera lathu, ndipo anabwera panjinga. Anatiuza kuti madzi owira ndi dzuwa tinachita bwino, koma mazira ena amapulumuka m'ming'alu ya khoma, ndiye pakufunika kumata ming'aluyo ndi kupopera mankhwala oyenera a kusitolo, kenako kubwereza pakatha masabata awiri. Anatiletsa kuthira pogona mankhwala a thonje kapena a chimanga, chifukwa mayi wina anali ataganiza kale zimenezo. Mgolo wa achemwali unayenda nyumba zisanu ndi ziwiri m'miyezi iwiri yotsatira. Loweruka lililonse tinkapita tonse kunyumba imodzi, Akhristu ndi Asilamu omwe, chifukwa zinapezeka kuti nawonso ena a kumzikiti ankakanda mwakachetechete. Ndipo nyumba iliyonse tisanatulutse katundu, tinkayamba tatumiza uthenga kwa ankhoswe.

Sofa ija alangizi anati ndi bwino kuiwotcha. Bambo anakana. Tinakangana masiku awiri, mpaka tinagwirizana pakati: nsalu yofiira, siponji ndi kapilo kaulere kaja zinapita pamoto, mafelemu anatsala. Tsiku lowotcha bambo sanafune kuonerera, anapita kuntchito m'mamawa osamwa tiyi. Mafelemuwo anawathira okha madzi owira katatu, n'kuwapaka oilo wakuda wa galimoto m'malumikiziro monse, n'kukhomapo matabwa. Anatuluka mabenchi atatu olimba, okhala ndi poika mikono, amene kwa chaka chathunthu ankadetsa zovala za aliyense wokhalapo. Tinawaika pakhonde.

Nsikidzi yomaliza ndinaipeza mvula yoyamba itagwa, m'chikuto cha buku langa la nyimbo, yowonda ngati pepala. Ndinapita nayo kwa achemwali kuti akatsimikize, ndipo anati imeneyo ndi yotsalira yokha, ilibenso abale. Tinaiphera pakhonde pawo ndi chidendene cha silipasi, kenako anandithandiza kunyamula thumba la mbewu ya mpunga, chifukwa m'mawa mwake tinkayamba kufesa nazale kudambo.